Kachimbale ka a Vitorino

Pa Limbuli, kuseri kwa mashopu oyang'ana msewu wopita ku Muloza, panali kanyumba ka zipinda ziwiri kolembedwa ndi penti wofiira pamwamba pa chitseko kuti, "Timajambula maukwati, zinkhoswe ndi zina zotero." Mwini wake anali Rafael. Chipinda chakutsogolo ankachitcha situdiyo, ngakhale munalibe zambiri: tebulo, benchi ya makasitomala, kamera, ndi kompyuta yogula kwa munthu wochokera ku Joni, imene mkazi wake Marcia ankaifunditsa chitenje kuopa fumbi la njinga zodutsa ndi matumba a chimanga. Munali mu 2011, chaka chimene mafuta a galimoto ankasowa mpaka madalaivala kuiwala fungo lake.

Rafael anali munthu wabwino, tisamunamizire. Mowa sankaudziwa, mkazi wake sankamukalipira, ndipo mwana wa mnzake akadwala ankabwereketsa njinga osanyinyirika. Koma anali ndi kachilema kamodzi kamene anthu ambiri a mbiri yabwino amayenda nako: kufunsa ankakuona ngati kuvula malaya pamsika. Akasochera m'minda ya tiyi ankalolera kuzungulira mpaka miyendo kutupa kusiyana n'kupatsa moni mayi wothyola tiyi n'kumufunsa njira. Marcia ankamuseka kuti ngakhale kumwamba adzafika mochedwa chifukwa chokana kufunsa kumene kuli chipata.

M'nyumbamo munali chinthu chimodzi chimene Rafael sakanachigulitsa ngakhale kutagwa njala. Kanali kachimbale kakang'ono, kukula kwake ngati pakamwa pa kapu, kokulungidwa m'kampango n'kuikidwa pansi penipeni pa sutikesi. M'kachimbalemo munali bambo ake, malemu a Vitorino, akuimba. Padziko lonse panalibe pena pamene mawu a mkuluyo anatsalapo.

A Vitorino anali a ku Mozambiki, kuseri kwa Milanje. Anaoloka Muloza nthawi ya nkhondo, Rafael ali kumsana kwa mayi ake. Tsiku limene mfuti zinalira m'mudzi mwawo aliyense anathawira kumene maso anayang'ana, ndipo mlongo wawo Yunesi analowera kwina. Sanaonanenso. Mtendere utabwera anzawo ambiri anabwerera kwawo, koma a Vitorino anali ataika kale mkazi wawo m'dothi la kuno, ndiye anati sangasiye manda okha. Anapitako kangapo kukafunafuna mlongo wawoyo, n'kupeza pamene panali mudzi pamera tchire. Anabwerera n'kukhazikika pansi pa mtengo wa mango pamsika wa Limbuli, kumakonza njinga.

Amene analipo masiku amenewo akukumbukabe. Unkayamba wamva nyimbo usanaone munthu. A Vitorino ankamata chubu akuimba, kuwongola masipoko akuimba, ndipo nyimbo yake inali imodzi yomweyo, ya Chilomwe, imene ankaimba ndi mlongo wawo ali ana poingitsa mbalame m'munda wa mapira. Inali nyimbo ya anthu awiri: wina aitana ali kumapeto kuno kwa munda, wina avomera ali kumapeto uko. A Vitorino ankaimba mbali yawo yokha. Akafika povomera ankatseka pakamwa, n'kupendeketsa mutu ngati akumvetsera, kenako n'kupitiriza. Anyamata a kabaza ankaseka kuti madala akuiwala mawu pakati pa nyimbo. Iwo ankangomwetulira n'kumapopa tayala.

Rafael anakula akuimva nyimboyo tsiku ndi tsiku, koma sanafunsepo kuti ikunena chiyani. Chilomwe ankamva cha "bwera kuno" ndi "tenga icho" basi, ndipo kusukulu anaphunzira msanga kuti mwana wa othawa nkhondo amakhala pamtendere akamalankhula ngati anzake onse.

Ntchito yojambula anaiphunzira kwa a Ramadani a pa Chinakanaka, mkulu amene anayamba kujambula maukwati nthawi ya makaseti akuluakulu aja onyamula paphewa. Pamene a Ramadani anagula kamera yatsopano ya zithunzi zowala imene amati HD, yojambula pa tizimbale tating'ono, anamupatsa Rafael kuti apite nayo kwawo dzanja likazolowere. Rafael anayang'ana uku ndi uku kusowa chojambula, n'kungoilozetsa kwa bambo ake.

"Epa! Ukundijambula ndi girisi m'manja chonchi?" anatero a Vitorino. Kenako anaima kaye n'kuiyang'anitsitsa. "Kameneka kamagwira nkhope yokha, kapena ndi mawu omwe?"

"Ndi mawu omwe, ababa."

Mkuluyo anapukuta manja pa ovololo, anakhala tsonga pakampando kake, n'kuimba nyimbo yonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osaiwala kusiya mipata ija. Atamaliza analoza kamera ndi sipanala.

"Ukasunge bwino kameneko, mwanawe. Munthu sudziwa. Tsiku lina azakhali ako angadzamve."

Mvula ya chaka chotsatira isanathe, chibayo chinawatenga a Vitorino.

Patapita nthawi Rafael anaganiza zoima payekha. A Ramadani sanamuletse, ndipo anamugulitsa kamera yomwe ija popeza iwo anali atapeza ina. Koma potsanzikana, pamaso pa anthu amene anali m'shopu, anamuuza kuti, "Kujambula wadziwa, mwana wanga, koma za pakompyuta sunakhwime. Ukakakamira pena pake usachite manyazi, ubwere udzafunse." Anali mawu a kholo. Rafael anawamva ngati chipongwe, ndipo analumbira chamumtima kuti phazi lake silidzapondanso pa Chinakanaka litanyamula funso.

Chimene a Ramadani ankanena chinali choona. Tizimbale ta kamera imeneyo sitinali ngati ma DVD ogula pamsika. Ukakaika m'pleya wamba kankangozungulira osaonetsa kanthu, ndipo pulogalamu yodulira ndi kulumikiza zithunzi pakompyuta inkakakana. Kanema wa mmenemo ankafunika ayambe wadutsa m'pulogalamu ina yomusandutsa mtundu umene kompyuta ingathe kuudula, monga chimanga chimayamba chapita kuchigayo. Eni ntchitoyi amati kukonveta. Kwa a Ramadani mbali imeneyi ankaigwira okha mwiniwake. Rafael ankangoonera chapatali akupukuta galasi la kamera, ndipo kufunsa sanafunse.

Atangotsegula kumene situdiyo yake, mwayi unamugogodera. Mwana wa mwini chigayo ku Thuchila ankakwatiwa, ukwati waukulu wa perekaniperekani wa tsiku lonse. Tizimbale tija timadzaza msanga, ndipo Rafael atayang'ana timene anali nato anaona kuti tiperewera. Pa Limbuli sitinkapezeka. Kunali kupita ku Limbe, koma maminibasi anali atandanda pomwetsera mafuta kudikira thanki imene sinkabwera. Ubwino wake, tizimbaleto tinali totheka kufufuta n'kujambulanso. Maso a Rafael anapita ku sutikesi.

"Inu, mukutenga ka ababa?" anafunsa Marcia atamuona akumasula kampango.

"Ndikungowasamutsa. Ndiwaika m'kompyuta, ndidule bwinobwino, ndilembe dzina lawo ndi timaluwa m'mbali, kenako ndiwotche DVD yoti tizionera pa TV. Zaka zonsezi angokhala m'sutikesi ngati satifiketi ya ubatizo."

Ganizo lokhalo silinali loipa, ndipo Marcia nayenso analakalaka kuwaonanso apongozi ake. Lachisanu masana, magetsi atayaka, Rafael anaika kachimbale kaja m'kompyuta n'kutsegula pulogalamu yokonvetera imene anakopera kwa munthu wina wowotcha nyimbo pamsika. Atangodina kuti iyambe, pa sikirini panatulukira kabokosi ka chizindikiro chachikasu ndi mizere ya Chingerezi. Anatolapo liwu limodzi lonena za mawu, pakati pa zilembo ndi manambala osadziwika mutu wake. Pansi pake kabokosiko kankafunsa ngati apitirize kapena asiye.

"Akuti chiyani pamenepo?" anafunsa Marcia ali chilili kumbuyo kwake.

"Palibe. Makompyuta amangokonda kudandaula."

"Mesa mayunitsi alimo m'foni? Aimbireni a Ramadani mungowawerengera."

"Ine? Kuti mawa Chinakanaka yonse imve kuti Rafael watsegula situdiyo koma sadziwa podina? Tandisiya, iwe."

Anadina zopitiriza. Kompyuta inayamba kubuula, kamzere kobiriwira kakukwawa pang'onopang'ono mpaka dzuwa linapendeka. Itamaliza Rafael anatsegula fayilo yatsopanoyo, ndipo onse awiri anangoti kakasi. A Vitorino anali pomwepo, ngati ungawagwire. Imvi iliyonse ya m'ndevu inkaoneka, girisi wa m'ming'alu ya zala, ngakhale chigamba cha pabondo la ovololo chimene Marcia anasoka yekha. Kumbuyo kwawo phiri linali litavala mtambo wake wa masiku onse. Marcia anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

"Koma sakumveka bwanji?"

Rafael anagwedeza waya wa masipika, amene nthawi zina ankachitadi makani. Kunali zii.

"Ndi wayayu. Ndidzakonza ndikabwera ku ukwati."

"Bwanji muyambe mwawamva kaye musanafufute? Kachimbale kamodzi kokha, bambo. Ukwati wa eniake ukaperewera pang'ono palibe angafe."

"Ukwati woyamba ndi umene umamanga dzina. Nanga mawu angapite kuti? Mesa nkhope ndi mawu zinalowa limodzi? Taona mmene atulukira bwino."

Anatulutsa kachimbale kaja n'kukaika m'kamera. Ngakhale kamerayo inayamba yamufunsa ngati watsimikizadi kuti afufute zonse. Taonani zodabwitsa: makina opanda mutu anadziwa kufunsa, munthu wamutu wake ayi. Rafael anavomera, ndipo m'kanthawi kochepa kachimbale kanayera.

Ukwati wa ku Thuchila unayenda bwino. Koma pokonveta zithunzi zake kabokosi kachikasu kaja kanabweranso, iye anadinanso zopitiriza, ndipo akwati anatuluka okongola koma osalankhula. Atayesa kuika nyimbo, masipika aja analira bwinobwino. Apa anaona kuti waya analibe mlandu. Wina akanakwera minibasi tsiku lomwelo. Rafael anangophimba ukwati wonse ndi nyimbo za kwaya, ndipo eniake atadandaula kuti malumbiro ndi malangizo sakumveka, anawauza kuti imeneyo ndiyo sitayilo ya masiku ano ku Blantyre.

Fayilo ya bambo ake sanaitsegulenso. Ankadzitonthoza kuti mawuwo ali mkati momwemo, angobisala, adzawatulutsa akapeza mpata. Marcia akamukumbutsa za DVD ija ankati ntchito yachuluka. Ndipo kachimbale kaja kanalowa m'gulu la tinzake, kumapita ku ukwati uliwonse, kujambulidwa, kufufutidwa, kujambulidwanso.

Mvula inabwera n'kupita. Tsiku lina nandolo ali maluwa, Isake, bambo wa kabaza amene ankatuta chimanga kuchokera kutsidya, anafika thukuta lili kamukamu n'kuigwetsa njinga pakhomo.

"Achimwene, khalani pansi kaye. Ndawapeza azakhali anu."

Isake anakonzetsa njinga yake kwa a Vitorino zaka zambiri, ndipo nyimbo ija inamulowa m'mutu iye osadziwa. Ulendo umenewo ankakankha njinga pachitunda m'mudzi wina kutali kuseri kwa Milanje, akuiimba ndi mawu ake opotokapotoka. Atafika pampata uja anatseka pakamwa mwachizolowezi, monga ankachitira madala aja. Pakhonde la nyumba ina mayi wokalamba anavomera.

"Thupi lonse linachita tsemwe, achimwene. Ndinaimbanso, iwo kuvomeranso. Kenako akuti, 'Iwe ndiwe ndani? Nyimbo imeneyo tinapeka awiri, ine ndi Vitorino.' Ndinawauza kuti mlongo wawo anatisiya. Analira, mudzi wonse unalira, ine ndemwe ndinalira. Ndiye powatonthoza ndinati, amayi, musalire kwambiri, mawu awo alipo, mwana wawo anawasunga m'makina. Akubwera Lamulungu, ndikawatenga ndekha pa kariyala. Koma maso alibe, achimwene. Ng'ala inatseka onse awiri. Akuti zithunzi kwa iwo zilibe ntchito, angofuna amve mawu a mlongo wawo asanafe."

Marcia anaimba nthungululu mpaka anthu anasuzumira m'mashopu. Atatembenuka kuti asekerere ndi mwamuna wake, anapeza nkhope yake yatuwa ngati phulusa.

Tsiku lotsatira Rafael anatseka situdiyo n'kukhala pakompyuta kuyambira m'mawa. Anadina paliponse podinika. Anakweza paliponse pokwezeka. A Vitorino ankatsegula pakamwa n'kutseka, osatuluka ngakhale kampweya. Loweruka m'mawa anakulunga kompyuta m'chitenje chija, anaika kachimbale m'thumba la malaya, n'kukwera minibasi. Njira imene analumbira kuti sadzaiyenda ndi funso anaiyenda mutu uli pansi.

A Ramadani sanamuseke. "Rafael mwana wanga, wasowatu," anatero, n'kuitanitsa tiyi. Anamvetsera nkhani yonse osamudula, kenako anavala magalasi, analumikiza mawaya, n'kutsegula fayilo ija m'pulogalamu yodulira. Pa sikirini panaoneka mizere iwiri, wapamwamba wodzaza tizithunzi, wapansi wopanda kanthu.

"Ukuuona mzere wapansiwu? Apa pamayenera kukhala timapiri ta mawu. Sanabisale ayi, sanalowe n'komwe. Pulogalamu yakoyi siudziwa mtundu wa mawu a kamera imeneyi. Kabokosi kaja kankakuuza zimenezo, kuti ikapitiriza itenga nkhope, mawu iwasiya. Pamangofunika kusintha apa." Anadina pakona n'kumuonetsa. "Ukanandiimbira, tiyi wakoyu asanazizire tikanamaliza. Koma palibe chovuta. Bweretsa kachimbale kenikeniko tikonvetenso."

Rafael anakatulutsa m'thumba, koma dzanja linakana kukapereka.

"Ndinafufuta."

A Ramadani anavula magalasi pang'onopang'ono. "Subhanallah, Mulungu wamkulu." Anayang'ana panja. "Mzamba sachoka pakhomo mwana asanalire, Rafael. Ine sindifufuta chimbale ndisanamve ndi makutu angawa kuti chimene ndasamutsacho chikulankhula, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Tandiuza, unangofufuta basi, kapena unajambulapo zina? Chongofufutidwa nthawi zina timachivuula."

"Ndajambulapo maukwati."

"Angati?"

"Ambiri."

Komabe mkuluyo anayesa. Anasiya makasitomala ake n'kukhalira kachimbaleko masana onse, akungoima nthawi ya swala kuti apemphere. Chimene chinavuuka ndi zidutswa za zisangalalo za eni: anthu akuvina ndi mbale ya perekaniperekani, mkwatibwi wina akudula keke, mwana akulira pamsana. Pomaliza anakabweza m'dzanja la Rafael n'kulifumbatitsa.

"Pepa, mwana wanga. Ukanabwera sabata yoyamba ija mwina tikanapulumutsa kenakake. Panopa madala aja apita kachiwiri."

Lamulungu, anthu akutuluka m'matchalitchi, Isake anatulukira ndi mlendo pa kariyala. Anali mayi wamng'ono thupi, wa mpango wofiira, atafumbata nkhuku ya mphatso pachifuwa. Atamutsitsa anatambasula manja kufunafuna, ndipo Rafael anawerama kuti amupeze. Zala za a Yunesi zinayenda pachipumi pake, pamphuno, m'makutu.

"Chipumi ndi chake chomwe," anatero, Chichewa chawo chikukokera ku Chilomwe. "Makutuwa ndi a kwa amako."

Marcia anawayalira mphasa n'kunena kuti chakudya chapsa, koma iwo anakana ndi dzanja. "Chakudya chidikire, mwana wanga. Ine ndadikira kuyambira nkhondo. Ndimve kaye."

Anawakhazika m'situdiyo muja, moyang'ana kompyuta imene sakanaiona. Mbiri inali itamveka pamsika, ndiye pakhomo ndi pawindo panadzaza anyamata a kabaza ndi amayi a m'mashopu. Rafael anali atakonza mawu oti anene, koma sanawatulutse. Dzanja lokha linapita n'kudina.

A Vitorino anatulukira pansi pa mango paja. Anapukuta manja pa ovololo, anakhala tsonga, n'kutsegula pakamwa. M'chipindamo munkangomveka kulira kwa kompyuta.

"Wayamba?" anafunsa a Yunesi, mutu atapendeketsa. Aliyense amene anawadziwa a Vitorino anakuzindikira kupendeketsa kumeneko.



"Kwezaniko pang'ono, ana anga. Makutu akalamba."

Rafael anagwada pansi pambali pa mphasa. "Azakhali, mawu mulibe. Ndinawataya ndine. Anandiuza kuti ndifunse, ine ndinakana."

 Mayi wokalambayo sanalire, sanakalipe, ndipo zikanakhala bwino akanakalipa. Manja awo ankangosalaza chitenje pamaondo.

"Koma akuoneka?"

"Akuoneka bwino kwambiri," anayankha Marcia.

"Wanenepa kapena waonda?"

"Aonda pang'ono. Ndevu zachita imvi. Akumwetulira."

"Dzino lakutsogolo lobenthuka lija lilipo?"

"Lilipo."

A Yunesi anaseka kaphwete kakang'ono. "Ndinamukankha ndine pamwala wa kumtsinje. Amayi anandikwapula mpaka ndinakagona kwa agogo." Kenako anatambasula dzanja n'kupeza phewa la Rafael. "Chabwino. Zatayika zatayika. Iwe ndiwe mwana wake, mawu ako sangatalikire kwambiri. Ndiimbire mbali yake, ine ndivomere."

Rafael anatsegula pakamwa. Kayendedwe ka nyimbo kanali m'mutu mwake, ankakamva bwinobwino, koma mawu ake analibe ngakhale mzere umodzi. Anakulira pansi pa nyimboyo ngati mmene munthu amakulira pansi pa denga, osaliyang'ana.

"Sindiidziwa, azakhali."

"Sanakuphunzitse?"

"Sindinawafunse."

Isake anasuntha pakhomo ngati akufuna kuthandiza, koma a Yunesi anamva n'kupukusa mutu. "Ayi, bambo, inu mwagwira kale ntchito yanu. Lero ndabwerera Vitorino." Anapapasa mphasa pambali pawo. "Mwana wanga wamkazi, bwera ukhale apa. Maso ako akhale anga. Muyambitsenso. Akatseka pakamwa, undikhudze pabondo."

Rafael anabwezera poyamba. A Vitorino anapukutanso manja, anakhalanso tsonga, milomo inayenda popanda liwu. Kenako anatseka pakamwa n'kupendeketsa mutu. Marcia anakhudza bondo.

A Yunesi anavomera. Mawu awo anali opyapyala, okalamba, koma anakwera molunjika ngati a mtsikana woitana kutsidya la munda. Atangomeza liwu lomaliza, milomo ya a Vitorino inatsegukanso, osachedwa, osafulumira. Mpata uliwonse umene mkuluyo ankasiya pansi pa mango paja unali wa muyeso wa mawu a mlongo wake. Anatseka pakamwa, Marcia anakhudza, iwo anavomera. Mpaka nyimbo inatha. Anyamata a kabaza aja ankaseka kuti madala akuiwala mawu anavula zipewa mmodzimmodzi, ndipo amayi a pawindo ankalira osabisa.

Pa sikirini a Vitorino analoza kamera ndi sipanala, milomo ikunena kanthu. Rafael yekha ndiye ankadziwa chimene ankanena pamenepo, ndipo anabisa nkhope m'manja.

"Watha?" anafunsa a Yunesi.

"Atha," anatero Marcia.

A Yunesi anapumira m'mwamba. "Zaka zonsezi iye ankaitana, ine kulibe. Lero ine ndavomera, iye sindinamumve. Kaya iye wandimva."

Anakhala nawo mpaka nandolo anauma, kenako Isake anawabwezera kwawo. Masiku amenewo Rafael ankakhala nawo pakhonde, kuwafunsa mawu a nyimbo ija mzere ndi mzere, ndipo anaiphunzira, ngakhale lilime linkamulemera. Ku Chinakanaka nako anayamba kupitapita, ndipo maukwati ake anayamba kulankhula. Koma fayilo ija ilipobe mmene inalili. Amene anaionapo amavomereza kuti pa Limbuli palibe chithunzi china chowala choncho, ndipo Rafael akaitsegula amakwezabe masipika osadziwa, kenako n'kubweza dzanja.

Munthu uja wa m'mwambi anapeza chisa cha njuchi chodzaza bwino, koma anachita manyazi kufunsa kuti chodyedwa n'chiti. Uchi unatsikira m'fumbi, iye n'kutsala akutafuna chopanda kukoma. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.